Ana akundithawa pa calculus, ndithandizeni aphunzitsi anzanga

Mphunzitsi wa ku Bangwe:
Mwaswera bwanji nonse m'gulu muno. Ndabwera ndi vuto limene landikulira. Ndimaphunzitsa Additional Mathematics pa sekondale ina kuno ku Bangwe. Tinayamba fomu 3 ndi ana 24, pano tili fomu 4 atsala 11, ndipo chiyambireni differentiation, gawo la calculus lopeza mmene chinthu chikusinthira, milungu itatu yapitayi, awiri andiuza kale kuti akufuna kusiya. Dzulo ahedi anandiitana. Akuti ana akapitiriza kuchepa, chaka chamawa phunziroli lichoka pa timetable.

Koma chandiwawa kwambiri ndi cha Lachiwiri. Ndinalemba pa bolodi y = x³ kuti tichite differentiate, mtsikana wina amene ndimamudalira anayankha ndisanatembenuke n'komwe kuti 3x². Nditamufunsa kuti 3x² imeneyo ikutiuza chiyani, anati, "Aphunzitsi, timangotsitsa 3 n'kuchotsera 1 pamwambapo." Kenako anandifunsa mwaulemu ndithu kuti zimenezi zidzamuthandiza chiyani pa moyo wake. Ndinayankha za mainjiniya, koma m'maso mwake ndinaona kuti yankho langa silinamufike pamtima. Inu mumatani pa mutu umenewu?

Madamu a ku Chilomoni:
Pepani achimwene, mwakhudza bala la tonsefe. Musanachite china chilichonse, mawa apatseni mafunso asanu opanda calculus ngakhale pang'ono. Atambasule (x + h)², alembe 1/x² ngati power, alembenso √x chimodzimodzi, apange factorise x² − 20x + 75, ndipo apeze gradient ya mzere wodutsa pa mfundo ziwiri. Mudzaona nokha pamene pali minga.

Ine chaka chatha ndinakhala pansi ndi makope a ana anga Loweruka lonse, kutsatira cholakwa chilichonse kumene chinayambira. Zambiri sizinali za calculus ayi. Mwana wachita differentiate bwinobwino, kenako wagwa pa minus ya kunja kwa bulaketi, kapena akulemba kuti (x + h)² ndi x² + h². Imeneyo ndi ngongole ya fomu 2 imene ikudzalipiridwa ku fomu 4. Mwanayo sadziwa zimenezo, amangoti calculus ndi yovuta.

Mphunzitsi wa ku Ndirande:
Madamu anena zoona. Koma funso la mtsikanayo algebra siliyankha. Ine ndimayamba ndi katoni ndi mchenga, ndipo ndinaziphunzira kwa okhoma zidebe ndi mbaula kumsika wathu kuno, anthu amene lata likawonongeka pang'ono ndiye kuti phindu lapita.

Pemphani makatoni akale ku golosale, mudule zidutswa zofanana, masentimita 30 mbali zonse zinayi. Gulu lililonse lidule timabwalo ta ngodya zinayi m'makona onse, lina ta masentimita 3, lina 4, lina 5, lina 6, lina 8, apinde m'mbali amate ndi selotepi, pakhale bokosi lopanda chivundikiro. Musanawalole kuwerengera, afunseni kuti lilowe mchenga wambiri ndi liti. Ambiri amaloza la 8 chifukwa ndi lakuya. Ena amati onse ndi ofanana poti katoni ndi imodzimodzi. Asiyeni akangane, mkangano umenewo ndiwo phunziro.

Kenako athire mchenga, ayeze ndi botolo. La 3 limalowa 1728 cm³, la 4 limalowa 1936, la 5 limakwana 2000 ndendende, omwe ndi malita awiri, la 6 latsika kufika 1944, la 8 lija ankalitama ndi 1568 basi. Apa ndi pamene ndimafunsa: mwadziwa bwanji kuti 5 ndiye wopambana, osati 4.8 kapena 5.3? Tidula makatoni angati kuti titsimikize? Pakakhala zii m'kalasi, ndimalemba kuti tikadula masentimita x m'makona, mchenga wolowa m'bokosi ndi V = x(30 − 2x)², tichite differentiate, tipeze 900 − 240x + 12x², tiike kuti ndi 0, ndipo x atuluka 5 kapena 15. Onani Madamu, factorise yanu ija ya x² − 20x + 75 ndi yomweyi yabwera apa.

Mphunzitsi wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndisakubisireni, ine zamakatonizi sindikugwirizana nazo pa nthawi ino. Tili teremu yachiwiri, integration sinayambe, mayeso a MANEB sadikira munthu. Woyika malikisi safunsa kuti mwana anathira mchenga kangati. Akufuna dy/dx, stationary points, tangent ndi normal, area pansi pa curve. Ine ndimawapatsa malamulo, kenako mapepala a zaka zapitazo tsiku ndi tsiku mpaka dzanja lizolowere. Ana anga amakhoza. Kumvetsa kudzabwera ku koleji. Mwana wa mayi wogulitsa tomato ku Limbe akufunika mapointi abwino kuti apeze malo ku yunivesite, ndipo ine udindo wanga ndi umenewo.

Mphunzitsi wa ku Ndirande:
Achimwene a ku Limbe, za mapointizo sindikutsutsani, nanenso ndimaphunzitsa ana a anthu ovutika. Koma katoniyo imadya double period imodzi yokha. Ndipo funso la maximum ndi minimum likabwera m'mawu, osati equation yopangidwa kale, ana oloweza ndi amene amasowa poyambira. Komanso vuto la anzathu a ku Bangwe si kukhoza kokha, ana akuchoka. Mwana amene wasiya simungamupatse past paper.

Mphunzitsi wa ku Limbe:
Pa kuchokapo ndavomera. Double period imodzi ndingapirire. Koma zikatha zimenezo abwerere pa kope, mafunso 10 tsiku lililonse, chifukwa chain rule siilowa ndi mchenga.

Aphunzitsi opuma a ku Zingwangwa:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ndinagwira choko zaka zambiri, ndiye mundilole ndiikepo mawu.

Mtsikanayo sanalakwe. Tinamuphunzitsa kutsitsa 3 n'kuchotsera 1, ndipo watibwezera chimene tinamupatsa. Chimene sanaone ndi kumene lamulolo lachokera. Mukhoza kumuonetsa ndi kakyuleta yokha, mphindi 15. Tengani y = x² pa x = 3. Ayeze gradient kuchoka pa 3 kufika pa 4, apeza 7. Kuchoka pa 3 kufika pa 3.1, apeza 6.1. Kufika pa 3.01, apeza 6.01. Kufika pa 3.001, apeza 6.001. Musamuuze kanthu, mufunseni kuti manambalawa akulowera kuti. Adzanena yekha kuti 6. Achitenso pa x = 5, aona akulowera ku 10. Pa 7, ku 14. Mwana akatulukira yekha kuti ndi 2x, lamulo lija silikhalanso matsenga.

Ndipo muwauze mbiri yake, imawalimbitsa mtima. Isaac Newton ku England ndi Gottfried Leibniz ku Germany anapeza masamu amenewa aliyense payekha m'zaka za m'ma 1600. Leibniz anasindikiza zake mu 1684, ndipo kalembedwe ka dy/dx kamene tikuvutitsa nako ana lero ndi kake. Koma funso lakuti kachidutswa kakang'ono kamene timawonjezera pa x, ngati 0.1 kapena 0.001 uja, kotchedwa h, ndi ziro kapena si ziro linavutitsa akatswiri kwa nthawi yaitali. Mu 1734 bishopu wina, George Berkeley, anawadzudzula poyera kuti akugawa ndi chinthu kenako n'kuchitaya ngati kulibe. Zinadzalongosoka bwino m'zaka za m'ma 1800, pamene Cauchy ku France ndi ena pambuyo pake anakhazikitsa tanthauzo la limit. Chinthu chimene chinatengera akatswiri zaka zoposa 100, mwana wa ku Bangwe asadzione mbuli chifukwa sichinamulowe m'milungu itatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Injiniya wa ku Chirimba:
Zikomo bambo. Ine ndinaphunzitsako masamu zaka ziwiri ndisanalowe ntchito ya zomangamanga, ndipo sindinatuluke m'gulu lino chifukwa ndimalikonda. Achimwene a ku Bangwe, pempho langa ndi lakuti musamunamize mwanayo. Ine pa site sindikhala pansi kuchita integrate. Pali matebulo, pali mapulogalamu a pa kompyuta. Mukamuuza kuti azidzagwiritsa ntchito dy/dx tsiku lililonse, adzazindikira kuti si zoona ndipo sadzakukhulupiriraninso.

Koma tamverani izi. Mwezi watha mwini nyumba ina anafuna kukulitsa khonde, bimu ichoke pa mamita 3 ifike pa 4, kukula kwake ndi zitsulo zikhale zomwezo. Mmisiri wake, munthu waluso ndithu, anati tangowonjezera mita imodzi, palibe chovuta. Ndinakana. Bimu yokhala pa nsanamira ziwiri, katundu atafalikira mofanana, mphamvu yoipinda imakula kwambiri pakati ndipo ndi wL²/8, w kukhala katundu wa pa mita iliyonse, L kutalika kwa bimu. Kuchoka pa 3 kufika pa 4, mphamvuyo ikula pafupifupi ka 1.8. Kubwafuka kwake pakati ndiye kumayenda ndi L⁴, kutanthauza kupitirira katatu. Maso amaona mita imodzi, koma bimuyo ikumva zina. Ma formula amenewo amachokera ku integration, ndipo malo amene bimu imavutika kwambiri timawapeza poika derivative kukhala 0, monga bokosi la anzathu a ku Ndirande. Ndikanangoloweza osamvetsa, sindikanalimba mtima kukana pamaso pa munthu amene akundilipira.

Chinanso muwauze poyera: amene akulota engineering ku MUBAS pa Chichiri pompa, kapena ku MUST ku Thyolo, kapena sayansi ku Zomba, calculus ikumudikira chaka choyamba. Ine ndinafika ndisanaionepo, ndipo semesita yoyamba ndinkagona 1 koloko usiku kuthamangitsa anzanga amene anaiona ku sekondale. Ana anu 11 aja ali ndi mwayi umene ine ndinalibe.

Madamu a ku Chilomoni:
Ndiwonjezere kamodzi kosafuna ndalama, ka rate of change. Botolo la pulasitiki la malita awiri, loongoka m'mbali, muboole kabowo ndi msomali wotentha chakumunsi. Kuyambira pa bowopo muyeze ndi rula, mulembe mizere pa masentimita 16, 9, 4 ndi 1. Dzazani madzi, chivundikiro chikhale chotsegula, mwana mmodzi agwire wotchi ya pa foni. Ana amayembekezera kuti kuchoka pa 16 kufika pa 9 kutenga nthawi yaitali poti ndi masentimita 7, pamene 4 kufika pa 1 ndi atatu okha. Koma nthawi zitatuzo zimatuluka pafupifupi zofanana, chifukwa liwiro la madzi pa bowo limayenda ndi square root ya kuya kwake, lamulo la Torricelli. Ana a kuno amadziwa kale kuti thanki ikatsala pang'ono mpopi umafooka, madzi akasiya amatunga okha. Chomwe sanaganizepo ndi chakuti kufookako kuli ndi masamu ake. Musalowe mozama, angojambula girafu ya kuya ndi nthawi, aone kuti kutsetsereka kwake kukusintha paliponse. Pamenepo funso lakuti liwiro ndi lotani pa sekondi iyi yeniyeni limabwera lokha.

Chenjezo: yesani kaye kunyumba. Bowo likachepa kwambiri, madzi amayamba kudontha m'malo mothamanga ndipo mzere womaliza umasokonekera.

Mphunzitsi wa ku Bangwe:
Ndabweranso patatha mlungu kuti ndikuuzeni mmene zayendera. Mafunso asanu a Madamu aja, pa ana 11 anakhoza onse ndi atatu okha. Asanu ndi mmodzi analemba x² + h². Ndinachita manyazi ndi ine mwini, chifukwa milungu itatu yonse ndinkamanga pa maziko amene sindinawayese. Tsopano mphindi 10 zoyambirira za piriyodi iliyonse ndi za algebra.

Lachinayi tinachita makatoni. Mchenga tinatapa kuseri kwa kalasi yomwe akumanga, ndipo bokosi la 8 linaphulika selotepi mchenga n'kumwazika pa desiki, koma tinalimatanso. Mnyamata mmodzi mwa awiri ofuna kusiya aja ndi amene analimbikira kuti la 8 lipambana, ndipo atagonja anakhalira nthawi ya buleki kuyesa 4.9 ndi 5.1 pa kakyuleta kuti aone ngati angapose 2000. Sanapose. Wati apitiriza. Winayo sanasinthe maganizo, akuti Physics ndi Chemistry zikumukwanira, ndipo sindinamukakamize. Tatsala 10.

Mtsikana uja ndiye wandipatsa ntchito ina. Titapeza 5 ndi 15 ndinati 15 timutaya. Iye anati, "Aphunzitsi, timutaya chifukwa chiyani, poti naye watuluka mu masamu omwewo?" Ndinamupatsa katoni yotsala kuti adule 15 m'makona onse. Anangoyeza ndi rula n'kuseka, akuti palibe chotsala choti apinde, bokosi lake ndi la ziro. Kenako anafunsa ngati pali njira yodziwira kuti uyu ndi wapamwamba uyu ndi wapansi popanda kudula katoni. Njirayo ndi second derivative, imene ndinaikonzera mlungu wamawa, koma ndiyamba nayo Lolemba.

Achimwene a ku Limbe, mapepala a zaka zapitazo aja ndikuwafuna tsopano, makamaka mafunso a stationary points. Ndikhoza kudzera pa Limbe Loweruka m'mawa ndikamapita kumsika.

Mphunzitsi wa ku Limbe:
Bwerani, ndikhala ndili pasukulu mpaka 11 koloko ndi a fomu 4. Mubwere ndi flash, ena ali pa kompyuta, ena tikapanga fotokope. Ndipo mutengeko katoni imodzi yodula kale, ya 5 ija, ndiione.