Mwana wanga akuti ali ndi phudzi, ndithandizeni nzeru

Moni nonse amayi ndi abambo m'gulu muno. Ndikulemba kuchokera ku Lizulu, Ntcheu. Mwana wanga wamwamuna wakwanitsa zaka 2 ndi miyezi 5, ndipo kathumba ka kumaliseche kwake, pepani ndi mawu, ndi kotupa mbali ya kumanja chibadwire. M'mawa akamadzuka kamakhala kophwa ndithu, koma akasewera tsiku lonse, pofika madzulo kafufuma, kosalala ngati dzira. Samva kuwawa, amakodza bwino, kudya ndiye musanene.

Kusikelo anandiuza kuti ndi madzi chabe, ana ambiri amawaphwera okha asanafike zaka ziwiri, ndidikire. Ndadikira, palibe chasintha. Agogo ake anabweretsa mankhwala achikuda opaka, ayi ndithu. Wina akuti tikangopopetsa madziwo ndi jakisoni, koma adokotala anakana, akuti amabwereranso komanso mwana angatenge matenda. Iwo anawalitsa tochi pa chotupacho, kuwala kunadutsa, ndiye anati ndi phudzi osati matumbo otsika. Anafotokoza kuti pali kanjira kochokera m'mimba kamene sikanatsekeke, pafunika opareshoni yokamanga. Tsiku lenileni sanandipatse, ndangokhala pa mndandanda.

Funso langa ndi ili: alipo amene mwana wake anapangidwa opareshoni imeneyi? Kumugonetsa tulo mwana wamng'ono chonchi ndi kumene kukundidetsa nkhawa. Anatenga masiku angati kuti ayambenso kuthamanga? Nanga ndipemphe kalata yopita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Mercy James ku Blantyre, kapena chipatala cha paboma chimakwanitsa? Apongozi akuti mwina sadzabereka, amene mukudziwa mundiuze zoona.