Mwana apite ku chinamwali cha kumudzi kapena chilangizo cha kumpingo?

Moni nonse abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndithandizeni maganizo.

Ndimakhala pachikamwini kufupi ndi Luchenza ku Thyolo. Mwana wathu wamkazi wa zaka 13 watha msinkhu, ndipo agogo ake ndi amalume ake akuti sukulu ikatsekera mu Ogasiti apite ku chinamwali cha kumudzi. Ine ndi mayi ake timafuna chilangizo cha kumpingo. Mwambo sindikudana nawo ayi, ulemu ndi ukhondo zomwe anamkungwi amaphunzitsa n'zabwino. Chikundiopsa ndi nkhani ya kusasa fumbi (kuti mtsikana agone ndi mwamuna akatuluka ku chinamwali), pomwe malamulo a dziko lino kuyambira 2017 amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana.

Tinakamba ndi apongozi, akuti mwanayu anzake azidzamuseka kuti ndi wosavinidwa. Amayi a chigwirizano anabwera kudzalankhula nawo, sizinaphule kanthu. Amalume ake anangoti mkamwini salamula mbumba ya eni.

Abusa anatiwerengera Eksodo 20:12 (kulemekeza makolo) ndi Machitidwe 5:29 (kumvera Mulungu koposa anthu), koma mavesi awiriwa akundikokera kosiyana.

Alipo kuno ku Thyolo kapena ku Mulanje amene anakana popanda kudana ndi akuchikazi? Munayambira kwa amfumu kapena kwa mwini mbumba?