Ndalama za thumba: mpanda wa bwalo kapena ulendo wa anyamata?

Wapampando: Abale ndi alongo, timu yakwathu ya mpira wamiyendo ili pa nambala 4 mu ligi yachiwiri ya National Division League, ndipo okwera ku ligi yaikulu ya Super League ndi atatu apamwamba okha. Komiti ya timu yapempha thandizo. Kandalama ka m'thumba la gulu lathu kapite kuti?

Achimwene a ku Joni: Bambo Wapampando, apa palibe chokambirana. Tilipire basi, chakudya ndi alawansi ya anyamata. Kale mu ligi ya m'chigawo maulendo anali afupi, pano ligi ndi ya dziko lonse. Mwana wagona pampando wa minibasi usiku wonse ndi njala, mawa lake athamange mphindi 90? Kupambana ndi mapointi 3, kufanana mphamvu ndi imodzi. Madulowu a koyenda ndi amene atigwetsa pa tebulo.

Msungichuma: Achimwene, ndakumvani, koma tikakwera tidzasewerera pati? Bungwe loyendetsa mpira la FAM siloleza bwalo lopanda mpanda, zipinda zosinthira ndi zimbudzi. Masewero athu apakhomo adzakhala kuboma lina. Bullets kapena Wanderers ikubwera, khamu lonse lija, ndalama za pageti n'kudyedwa ndi lendi ya bwalo la eni. Ine ndikuti njerwa ndi simenti.

Achimwene a ku Joni: Mpanda sugoletsa chigoli, mayi.

Msungichuma: Inde, koma kumbukirani 2024. Matimu a FOMO ndi Baka City adasewera mu Super League atangokwera kumene, chaka chomwecho n'kutsikanso. Kukwera n'kosavuta kuposa kukhalamo. Timu yopanda geti yakeyake imadalira thumba la munthu mmodzi, iye akatopa basi zathera pomwepo.

Aphunzitsi opuma: Ana anga, funso langa ndi lina. Bwaloli ndi la sukulu. Tikamanga mpanda, kiyi adzasunga ndani? Ana a netibolo adzalowabe masana? Tisanagule thumba limodzi la simenti, pakhale kalata yosainidwa ndi ahedi, amfumu ndi khonsolo.

Mlembi: Zoona, agogo. Ndiponso thumba lija tidasonkhera mjigo wa kuchipatala. Amene sakonda mpira ayenera kufunsidwa.

Achimwene a ku Joni: Ndiye mjigo usakhudzidwe. Ife a kuno tisonkha patokha za maulendo otsalawa. Koma malisiti a mafuta aziponyedwa pagulu pano.

Msungichuma: Zimenezo ndavomera. Za mpanda ndikabweretsa mtengo wa amisiri awiri Loweruka.

Wapampando: Aphunzitsi, kalata ija mutitsogolere ndinu. Amfumu ndiwaimbira madzulo ano.