Mapepala a senator akamwalira amapita kuti?

MwanaWaLinga: Abale tandithandizeni, ndamva kuti ku America kunali senator wina Robert Byrd anakhala pampando zaka 51, ndizoona zimenezi?? Nanga makalata ndi mapepala a zaka zonsezo anawasunga kuti?

Senga_Bay_Boy: Ndizoona achimwene. Ankaimira West Virginia kuyambira 1959 mpaka anamwalira 2010 ali pampando pomwepo. Mapepala ake anakawasunga ku Shepherd University, ku senta ya dzina lake, m'mapepalamo muli zolankhula zake, zithunzi, ngakhale makalata omwe anthu wamba ankamulembera kudandaula za mavuto akwawo.

AnaphiriAkuDwangwa: Koma musamutame kwambiri mkuluyu, ali mnyamata anali mu Ku Klux Klan, gulu la azungu odana ndi anthu akuda, ndipo 1964 analankhula maola 14 osakhala pansi kufuna kutchinga bilu ya ufulu wa anthu akuda, pambuyo pake anadzapepesa inde, nkudzakananso nkhondo ya ku Iraq mwamphamvu, ndiye ubwino wosunga mapepala ndi umenewo zonse zimaoneka poyera zabwino ndi zonyansa zomwe.

MwanaWaLinga: Eeh sindimadziwa amayi. Nanga kuno kwathu tilinawo ma senator?

Senga_Bay_Boy: Ayi ndithu. Malamulo a 1994 anali ndi Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, koma sinakhazikitsidwe, aphungu anaichotsa 2001. Zolankhula za mu palamenti zimalembedwa mu Hansard, zakalekale mukafufuze ku National Archives ku Zomba.

AnaphiriAkuDwangwa: Hansard yokha basi. Makalata omwe timalembera a MP kupempha mjigo aja ndikukaika, mwina akukulungira usipa pamsika.