Fani ya m'bafa ija yayamba kuzima yokha tsopano

Abale, mwina mukukumbukira funso langa lija: ndinaika fani yatsopano yokoka chinyezi m'bafa la nyumba yathu kuno ku Leeds, koma ngakhale ndizimitse getsi inkangozungulirabe usiku wonse.

Ambiri munati ndasemphanitsa mawaya. Ndinathimitsa magetsi pa bokosi lalikulu n'kuonanso bwinobwino. Fani ya timer, yomwe imapitiriza kuzungulira kwa mphindi zingapo getsi likazimitsidwa, imafuna mawaya atatu pa malo ake olembedwa L, T ndi N: wa moto wosazima pa L, wochokera ku switchi ya getsi pa T, ndi neutral (waya wobweza magetsi) pa N. Wabulauni, wakuda ndi wotuwa, aliyense anali pamalo pake. Ndinapotoza kanati ka timer mpaka kumapeto kochepetsera nthawi, koma ayi ndithu, fani osaima.

Amene anatchula za babu ndiye analasa. Getsi la m'bafamo ndi la LED, ndipo waya wa T, poti wayenda limodzi ndi wa moto mu chingwe chimodzi, umatsala ndi kamphamvu pang'ono ngakhale switchi ili yozimitsa. Babu lakale losakhala la LED linkameza kamphamvuko, pomwe LED siitero, ndiye fani imaganiza kuti getsi likuyakabe. Nditabwezeramo babu lakale kuti ndiyese, fani inaima patangopita mphindi zochepa.

Munthu wa zamagetsi anabwera n'kuika capacitor, kachipangizo komeza kamphamvu kotsalako, pakati pa T ndi N, LED n'kubwerera. Timer taiika pa mphindi 15, chifukwa bafalo lilibe zenera. Izi musachite nokha ngati mulibe chida choyezera magetsi. M'bafa madzi ali paliponse.