Kuphika shepherd's pie pa mbaula

Mayi wa ku Mtunthama:
Ndikufuna kuphikira banja langa shepherd's pie (nyama yogaya yoyalidwa kachewere wofinya pamwamba) Lamlungu likudzali, koma nditayesa mwezi wathawu, kachewere wapamwamba anamira mumsuzi ndipo zonse zinangosanduka phala. Ndili ndi mbaula yokha. Kodi ndinalakwitsa pati?

Mayi wa ku Santhe:
Pepani mayi, msuzi unachuluka. Kazingani nyama yogaya pamodzi ndi anyezi ndi karoti, muthire supuni imodzi ya ufa watirigu, kenaka muisiye iwire mpaka msuzi ulimbe. Nyamayo ikazizira pang'ono m'pamene muyalepo kachewere, amene muyenera kumukhetsa madzi bwinobwino musanamufinye ndi majarini komanso mkaka wochepa.

Bambo wa pa Kasungu boma:
Chakudyachi n'chochokera ku Britain ndi Ireland, kumene amachiphika ndi nyama yankhosa. Cha nyama yang'ombe amachitcha cottage pie, koma kaphikidwe kake n'kamodzi.

Agogo a ku Chulu:
Mwanangu, mbaulayo isakudetse nkhawa. Chita monga timachitira ndi chigumu: makala ochepa pansi pa poto, ambiri pachivindikiro. Ulembe mizere pakachewereyo ndi foloko, pakuti timizereto ndi timene timafiira mokoma. Pakatha mphindi 20 uvundukule uone.