Zotsatira za fMRI ya ana a ADHD zandikayikitsa, ndithandizeni

A Phiri, ojambula X-ray, Salima:
Akuluakulu, pa maphunziro anga a pa intaneti atipatsa zithunzi za fMRI (MRI yoona mmene ubongo ukugwirira ntchito) za ana a ADHD, vuto lolephera kukhazikika ndi kutchera khutu, ndi za ana opanda vutoli. Ndi za ADHD-200, zija zinatulutsidwa mu 2011 kuti aliyense azigwiritsa ntchito. Mwana amangogona m'makina osachita kanthu, ife n'kumayeza ngati signal ya magawo awiri a ubongo ikukwera ndi kutsika limodzi. Ndapeza kuti mwa ana a ADHD kutsogolo ndi kumbuyo kwa ubongo sikukuyenderana bwino, koma magawo oyandikana akuyenderana mopitirira ana enawo. Ndilembe kuti ndi matendawo?

Nabanda, Nkhotakota:
Dekhani kaye achimwene. Mwaona kuti anawo amagwedeza mutu mochuluka bwanji? Zomwe mwafotokozazo ndi zomwe kugwedeza mutu kumabweretsa ndendende. Mu 2012 Jonathan Power ndi anzake anaonetsa kuti mutu ukasuntha ngakhale osafika milimita imodzi, magawo oyandikana amaoneka ogwirizana kwambiri, akutali n'kumaoneka ngati atayana. Ndipo mwana wa ADHD ndiye woyamba kulephera kugona phee.

A Phiri:
Koma motion correction, yokonza kusuntha kwa mutu, ndachita kale mu pulogalamu ya FSL.

Nabanda:
Imeneyo imangobwezera zithunzi pamalo pake, signal yosokonekera imatsala momwemo. Werengerani framewise displacement (mmene mutu wasunthira kuchokera pa chithunzi chapitacho) ya chithunzi chilichonse, zopitirira 0.5 mm muchotse. Ena amakhwimitsa mpaka 0.2. Mwana amene watsala ndi zithunzi zochepa mumuchotse yense, musamumvere chisoni. Kenako yerekezani kusuntha kwa magulu awiriwo musanayerekeze china chilichonse.

A Mwale, clinical officer, Salima:
Pepani ndilowerere. Kuno kunyanja ana ochira malungo a mu ubongo amabweranso patapita miyezi, ena akugwa khunyu, ena sakhazikika m'kalasi. Zimenezi sitingawayeze ana athu? Si ku Blantyre kuli MRI?

A Chirwa, opuma pantchito:
A Mwale, makina amene anafika ku Queen Elizabeth mu 2008 kudzera mwa Dr Terrie Taylor ndi Michigan State University anali a 0.35 tesla (muyeso wa mphamvu ya maginito a MRI). Musawapeputse: ndi amene anathandiza kuonetsa mu 2015 kuti ana omwalira ndi malungo a mu ubongo amakhala atatupa ubongo kwambiri mpaka kupuma kuima. Koma kutupa kumaoneka ndi maso pa chithunzi. fMRI imasaka kusintha kochepetsetsa kwa okosijeni m'magazi, ndipo anthu amaichita pa 1.5 kapena 3 tesla. Chinanso, imaona magazi, osati maselo a ubongo, ndipo magaziwo amayankha mochedwa, masekondi 4 mpaka 6. Mwana wochira malungo nthawi zambiri magazi ake amakhala ochepa, ndiye signal isintha chifukwa cha magazi, inu n'kumati ubongo. Mukamugonetsa ndi mankhwala kuti asasunthe, mwasinthanso chomwe mumafuna kuyeza. Kwa ana a khunyuwo ine ndikadayamba ndi EEG, yotchipa, ndipo imamva magetsi a ubongo enieniwo.

Nabanda:
Zoona bambo. A Phiri, mu lipoti musalembe ngati mwaona mitsempha yolumikiza magawowo. Magawo awiri atha kukwera limodzi chifukwa onse akutsata gawo lachitatu, kapena chifukwa cha kupuma ndi kugunda kwa mtima. Njira za mitsempha timaziyeza ndi DTI, yomwe imatsata mmene madzi akuyendera m'mbali mwa ulusi wa ubongo, nayonso imasokonezeka pamene ulusi wapingasana.

A Phiri:
Ndasiya laputopu ikuwerengera usiku, magetsi sanandigwiritse mwala. Gulu la ADHD limasunthadi kwambiri. Nditachotsa zithunzi zoipa, kusiyana kwa magawo oyandikana kwatheratu, kwa akutali kwatsala pang'ono chabe.

Nabanda:
Kotsalako yesaninso pa 0.2, muikenso kusuntha kwa mwana aliyense mu model yoyerekezera magulu awiriwo. Nditumizireni script ndi tebulo la ana amene mwachotsa, ndiziona ndikaweruka.